Mikanda ingadyetse banja? Za maphunziro otunga mikanda kwa amayi othawa kwawo ndi opulumuka kwa ozembetsa anthu

Bungwe likabwera ndi pulojekiti yothandiza amayi amene adutsa m'zowawa, kaya othawa nkhondo kwawo kaya amene anazembetsedwa n'kukagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga kutali, pali maphunziro atatu amene sasowa: kusoka, kupanga sopo ndi kutunga mikanda. Pa atatuwa, mikanda ndiyo yosavuta kuyambitsa. Siifuna magetsi, makina kapena munda. Mayi amene sukulu analekezera Sitandade 3, kapena amene amalankhula Chiswahili chokha, amaphunzira pongoyang'ana zala za mnzake, mwana ali kumbuyo. Zipangizo zonse zimakwana m'kachikwama kamodzi. Pakangopita masabata ochepa, patebulo pamakhala ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi zoti n'kujambula n'kuika mu lipoti lopita kwa opereka ndalama.

Kuphweka kumeneku n'kumene kumanamiza anthu. Luso lotunga mkanda limalowa msanga, koma ndalama ya mkanda ilibe changu chotero, ndipo mapulojekiti ambiri amathera pa tsiku lopereka masatifiketi funso loti agule ndani lisanayankhidwe. Kuno ku Mulanje ndi kwa anansi athu ku Thyolo funsoli lili ndi mayankho ake, kungoti si amene amalembedwa m'makalata opemphera thandizo.

Amayi amene amatchulidwira pamodzi m'mapulojekitiwa ndi magulu awiri, ndipo pamaso pa lamulo ndi osiyana kwambiri. Wothawa kwawo ndi munthu amene wadutsa malire a dziko lake chifukwa cha nkhondo kapena chizunzo. Malawi inalowa m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza anthu otere m'chaka cha 1987, koma inakana kumangidwa ndi ndime zina, makamaka zonena za ufulu wolembedwa ntchito ndi ufulu wokhala kulikonse kumene munthu wafuna. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989. Zotsatira zake n'zakuti anthuwa amayenera kukhala ku kampu ya Dzaleka ku Dowa, malo amene anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu ndipo anasandutsidwa kampu mu 1994. Kampuyo anaikonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Ethiopia ndi Somalia. Mu 2023 boma linalamula onse amene ankakhala ndi kuchita geni m'matauni ndi m'midzi kuti abwerere ku kampu, ndipo m'mwezi wa Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kuwatola, ena n'kuyamba asungidwa kaye ku ndende ya Maula.

Choncho mayi wa ku Dzaleka, ngakhale atatunga mkanda wokongola chotani, sangangounyamula kupita nawo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 okha, n'kukayala pamsika popanda chilolezo chotulukira mu kampu. Ogula amene ali naye pafupi ndi anzake a mu kampu momwemo, amene nawonso akudikira kandalama ka WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, kamene kakhala kakuchepetsedwa chifukwa thandizo la kunja latsika. N'chifukwa chake ntchito zamanja kumeneko zimadalira wina wapakati wokhala ndi ufulu woyenda. Kibebe, bizinesi imene inachokera ku bungwe la There is Hope, imagwira ntchito ndi othawa kwawo pamodzi ndi Amalawi a midzi yozungulira n'kumagulitsa zosoka zawo kunja kwa kampu. Chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014, chimachita zosiyana: chimabweretsa ogulawo mu kampu momwemo. Nayo UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, inakhazikitsa ndondomeko ya MADE51 mu 2018 pa chifukwa chomwechi, kulumikiza amisiri othawa kwawo ndi makampani ang'onoang'ono odziwa kupeza ogula m'mayiko ena. Onsewa anaona kuti chosowa si zala zaluso.

Ku Mulanje kulibe kampu yotero lero, koma akuluakulu akuikumbukira bwino nkhani ya othawa kwawo. Kuyambira 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa m'chigawo cha Zambezia, anthu anawoloka Muloza kuchokera ku Milange mitolo ili pamutu, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi inkasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Ambiri amene anafikira kuno anali Alomwe, abale a eni midzi. Ena anakhala m'makampu, ena anangolowa m'midzi, kugwira ganyu, kugulitsa pamsika, kukwatira ndi kukwatiwa. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera, ena anatsala mpaka lero. Kupatula chakudya cha thandizo, chimene chinawasunga ambiri chinali mwayi wosakanikirana ndi eni mudzi n'kuyala malonda pamsika umodzi, womwe ndi mwayi umene mayi wa ku Dzaleka alibe. Ndipo tisaganize kuti zimenezi zinatha: kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho ku Mozambique zinathamangitsira anthu zikwizikwi ku Nsanje.

Gulu lachiwiri, la ozembetsedwa, ndilo lili pakhomo pathu penipeni. Kuzembetsa anthu, malinga ndi lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015, kuli ndi mbali zitatu. Munthu amatengedwa, kusamutsidwa kapena kusungidwa penapake. Zimenezo zimachitika mwachinyengo, moopseza kapena mopezerapo mwayi pa kusowa pogwira kwake. Ndipo cholinga chimakhala kumudyera masuku pamutu. Akakhala mwana, sipafunikanso umboni woti ananamizidwa kapena kuopsezedwa. Ngakhale makolo atavomera n'kulandira kangachepe, ndi mlandu basi. Sizifunikanso kuti munthu adutse malire a dziko. Mtsikana wotengedwa kwa Mabuka kapena ku Thekerani atalonjezedwa ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, n'kukapezeka akusungidwa m'zipinda za kuseri kwa bala, wazembetsedwa. Banja lokwezedwa lole kupita ku esiteti ya fodya m'chigawo chapakati, n'kumagwira chaka chathunthu ngongole ya chakudya ikungokula ndipo kuchoka likuletsedwa, nalonso lazembetsedwa. Chilango chimafika zaka 14 m'ndende ngati wozembetsedwayo ndi wamkulu, zaka 21 ngati ndi mwana, ndipo moyo wonse ngati pali zina zowonjezera nkhanza ya mlanduwo.

Chifukwa chimene maboma awiriwa amakhalira podyera ozembetsa sichobisika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, pamene gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, ndipo kwina n'kuphiri. Ntchito ya pa esiteti imachuluka nthawi ya mvula tiyi akamaphuka kwambiri. Chilimwe chikafika, othyola ambiri amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ndi minda, kwina n'kusiya miyala ndi mchenga pamene panali chimanga. Munthu wotere akamva za ntchito ku Joni, ku Oman kapena ku minda ya ku Mozambique safunsa kawiri, makamaka poti wobweretsa uthengawo kawirikawiri si mlendo: amakhala mlamu, mnzake wa kutchalitchi, kapena wina wa pa Facebook wolankhula Chichewa chabwinobwino. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku Oman. Anapita atalonjezedwa ntchito yabwino ya m'nyumba, koma atafika analandidwa mapasipoti, ndipo dongosolo la kafala limene limamangirira wantchito kwa bwana wake linachititsa kuti ena achite kulipiriridwa ndalama kuti amasulidwe. Anadziwika kudzera pa gulu la pa WhatsApp. Magulu awiri aja amakumananso: mu 2022 UNODC, nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda, inalengeza kuti anthu oposa 90 anapulumutsidwa kwa ozembetsa amene ankachitira ntchito yawo mu kampu ya Dzaleka momwemo.

Mayi wobwerera kuchokera kumalo otere amafika chimanjamanja, ndipo kawirikawiri amafikira ngongole. Ndalama ya pasipoti, ya thiransipoti ndi ya ejenti inachita kukongoledwa, mwina kwa wakatapila, mwina munda unapinyolitsidwa. Kuno kwa chikamwini malo ndi a mbumba, ndiye pofikira sasowa, koma kamunda ka amayi ake amakapeza katagawidwa kale kwa achemwali. Pachitsime anthu amanong'onezana: "Uja ankati wapita kunja uja wabwerako ndi chiyani?" Ngongole ndi manyazi ndi zimene zimabwezera munthu m'manja mwa ozembetsa kachiwiri, iye akudziwa bwino lomwe kuopsa kwake. Pangano la United Nations lolimbana ndi kuzembetsa anthu, lotchedwa la Palermo, la 2000, limene Malawi inalowamo mu 2005, m'ndime 6 limauza mayiko kuti aganizire zopatsa opulumuka pogona, uphungu, chithandizo cha kuchipatala komanso mwayi wa ntchito ndi maphunziro. Lamulo la 2015 lija linakhazikitsa thumba la ndalama zothandizira ntchitoyi, ngakhale kuti malo osungirako opulumuka adakali ochepa ndipo ambiri ndi a mabungwe ndi mipingo, monga aja a Salvation Army osunga ana ku Mchinji. Maphunziro a mikanda amalowera pa khomo limeneli la "ntchito ndi maphunziro".

Pali phindu limodzi la mikanda limene sindingalitsutse. Munthu amene wakhala miyezi akulamulidwa chilichonse, nthawi yodzuka, yodya, yogona, akakhala pamphasa n'kusankha yekha kuti pambuyo pa wofiira pabwere wachikasu, china chake chimabwerera mwa iye. Kuwerenga itatu, isanu, itatu, mobwerezabwereza kumakhazika mtima pansi. Komanso amayi amamasuka kulankhula maso ali pa singano kusiyana ndi pamene akhala moyang'anizana ndi mlangizi wogwira cholembera. Zimenezi ndi machiritso enieni. Vuto limayamba bungwe likawerengera machiritsowo ngati malipiro, n'kulemba kuti amayi 30 tsopano akudziimira paokha chifukwa choti aphunzira kutunga.

Tiione ntchitoyo pafupi. Mikanda ya pepala ndiyo imatchuka kuti n'njotchipa. Mumadula magazini kapena kalendala yakale m'timizere tatitali, totambalala mbali imodzi, tosongoka mbali inayo. Mumayamba kukulunga mbali yotambalalayo pa sipoko ya njinga kapena kamtengo kotokosera m'mano, kukoka molimba kuti pasatsale mpata, kupaka guluu kunsonga, kenako kuvula mkandawo n'kuutunga pa nayiloni pamodzi ndi inzake. Ikatero imaviikidwa mu vanishi kawiri kapena katatu, ikuyamba yauma musanaiviikenso. Apa ndi pamene nyengo yathu imalowerera. M'masiku a chiperoni, cha mu Juni ndi Julayi, nkhungu itakuta phiri n'kumawaza kamvula kosatha, vanishi sauma. Mikanda imamatirirana pachingwe, ina imachita mbuu, ndipo mayi wothamangira oda amaitsitsa isanaume n'kusiyapo zidindo za zala. Mphunzitsi wobwera kuchokera ku Lilongwe mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo sangadziwe zoti awachenjeze zimenezi.

Mikanda ya galasi siipangidwa m'dziko muno. Yabwino, yofanana kukula kwake, imachokera ku Czech Republic ndi ku Japan. Yotchipa imene timaoda m'mashopu a ku Limbe yambiri ndi ya ku China ndi ku India. Yotchipayo mu paketi imodzi mumapezeka yonenepa, yowonda, ya mabowo otsekeka, ndipo ina imasuluka utoto ikakumana ndi thukuta. Kukula kwake kumalembedwa ndi manambala monga 6/0, 8/0 ndi 11/0, nambala ikamakwera mkanda ukuchepa, ndipo wophunzira amene sanauzidwe zimenezi akatuma munthu ku Limbe amabwereredwa katundu wosalowa singano yake. Tingowe ta ndolo, tomangira ta m'khosi, waya, lasitiki ndi pulayasi nazo n'zochokera kunja, zogulidwa ndi madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi amene anagulitsa katundu wake pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama yonse imene watolera siikukwananso kuodera zomwe zija, mpamba watha iye osadyako ngakhale tambala.

Tingowe totchipa tambiri tili ndi chitsulo cha nickel chimene chimayabwitsa makutu a anthu ambiri mpaka kutupa ndi kutuluka madzi. Kasitomala wa pa Chitakale zikamuchitikira sabweranso, ndipo asanafike kwawo amakhala atauza anzake. Ku Ulaya kuli malire a lamulo pa nickel, mtovu ndi cadmium m'zodzikongoletsera, moti amene akulota zotumiza kunja ayenera kudziwa kumene tingowe take tachokera. Ena amati tithawe mitengo ya kunja pogwiritsa ntchito za m'tchire. N'zotheka, koma mosamala. Timbewu tofiira towala tokhala ndi kadontho kakuda, timene asayansi amati Abrus precatorius, tili ndi poizoni woopsa, ndipo ngozi yake ili kwa woboola ndi singano komanso kwa mwana wotola n'kutafuna. Mkungudza wa m'phiri, ngakhale umanunkhira bwino, ndi mtengo wa fuko wotetezedwa umene watsala pang'ono kutheratu. Zotsala zopanda mlandu ndi nsungwi, zitsekerero za mabotolo ndi tizidutswa ta chitenje timene atelala amasesa madzulo. Ndolo zokutidwa ndi chitenje chofanana ndi diresi zimayenda bwino kuposa zambiri zimene zimaphunzitsidwa.

Masamu ake nawo amafuna kukhala nawo pansi. Tiyerekeze kuti ndolo zagulidwa K2,000 ndipo zipangizo zake zinadya K800. Wophunzira amaona K1,200 n'kunena kuti wawina. Sanachotsepo minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerera, tikiti ya msika, ndolo zimene zakhala miyezi osagulidwa mpaka tingowe kuchita dzimbiri, ndi zija anatenga achemwali ponena kuti "ndikupatsani pa malipiro, asisi". Sanawerengenso tsiku lathunthu lokhala pamsika. Muyeso wachilungamo ndi wofunsa ngati tsiku la mikanda likuposa tsiku la ganyu, la mandasi kapena logulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu. Likapanda kuposa, mayiyo adzasiya, ndipo adzakhala atachita bwino kusiya, ngakhale kuti mu lipoti adzalembedwa ngati wopanda khama.

Nanga ogula ndi ati? Oyamba kuganiziridwa amakhala alendo okwera phiri. N'zoona kuti Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002, amakoka anthu, mpikisano wothamanga wa Porters Race umadzaza Likhubula, ndipo mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Koma alendowa amabwera nyengo yopanda mvula, si ambiri, ndipo pamene amatsikira pali kale anyamata a ziboliboli amene akhalapo zaka, odziwa Chingerezi cha malonda. Mayi watsopano, wamanyazi, amene sakufuna n'komwe kufunsidwa mafunso, salowapo wamba. Njira ina ndi kusiya katundu ku malo ogona alendo n'kumalandira akagulidwa, koma ndalama yotero imabwera modontha.

Achiwiri ndi a kunja. Oda imodzi yochokera ku mpingo wa ku Scotland kapena ku America ingalipire kuposa miyezi ingapo ya pamsika. Koma oda yotero imafuna ndolo mazana zofanana ndendende, pa tsiku lake, zitapakidwa bwino, ndipo kutumiza kumadya gawo lalikulu. Wogula chifukwa cha chifundo amagula kamodzi. Ulendo wachiwiri amafuna chinthu chokongoladi. Choopsa kwambiri n'chakuti msika wonsewo kawirikawiri umakhala mu foni ya munthu mmodzi wongodzipereka, ndipo tsiku limene wakwera ndege kubwerera kwawo msika wapita naye. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Wogula amene ali pamphunoyo ndi mayi wa konkuno, ndipo ndi amene mapulojekiti amamuiwala. Mikanda ya m'chiuno siinayambe ndi mabungwe. Anankungwi amaitchula pachinamwali ndi pachilangizo cha ukwati, pa bridal shower m'tauni siisowa, ndipo yofiira ndi yoyera ili ndi uthenga wake kuchipinda umene wamkulu aliyense akuudziwa. Mkanda wa m'chiuno umafuna kuyeza, umafuna wogulitsa wamkazi wosunga chinsinsi, ndipo ukaduka umafuna wokonza. Apa ndi pamene ndolo za pulasitiki za ku China, zimene pa mtengo simungapikisane nazo, sizingafike. Operekeza akwati amafuna za m'khosi ndi za m'makutu zogwirizana ndi nsalu ya ukwati. Ovina tchopa, gule amene UNESCO inamuzindikira mu 2014, ndi onse okonzekera Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mu Okutobala amafuna mikanda yochuluka. Akatolika, amene ndi ambiri kuno, amagula makorona, ndipo korona ya mikanda 59 yomangidwa bwino ndi waya imakhala ndi ogula ana akamalandira ukalistiya koyamba. Msika wa Limbuli umabweretsanso ogula ochokera kutsidya kwa Muloza. Zonsezi si chuma choti n'kumangira nyumba ya malata mwezi umodzi, koma ndi ndalama yobwera chaka ndi chaka popanda kudikira mzungu. Chofunika kukumbukira n'chakuti msika woterewu ndi wopapatiza. Ungasunge amisiri awiri kapena atatu pa dera, osati 30 ophunzitsidwa tsiku limodzi, mtundu umodzi wa chibangili, n'kukayalira pamzere umodzi akutsitsirana mtengo.

Pali chinthu china chimene chimagulitsa mikanda mwachangu, ndipo ine ndimachiona kuti n'choopsa: nkhani ya mwini wake. Kakhadi komangiriridwa ku chibangili, kokhala ndi chithunzi ndi mawu oti wapanga ichi anapulumuka kwa ozembetsa anthu, kamatsegula zikwama ku London. Koma chithunzi chikangokwera pa Facebook, dzuwa lisanalowe chimakhala chafika kumudzi. Amene anamutenga uja mwina ali kunja pa belo, mwina ndi wachibale wokhala nyumba yachitatu. Ana ake kusukulu amayamba kutchulidwa mayina. Ndime 6 ya pangano la Palermo ija, isananene za ntchito ndi maphunziro, imayamba ndi kuteteza chinsinsi cha wopulumuka. Mayi angavomere kujambulidwa, inde, koma kuvomera kwa munthu amene akuopa kuti akakana achotsedwa pagulu n'kokayikitsa. Gulu lodziwika m'mudzi kuti ndi "la ogulitsidwa aja" limasanduka chizindikiro pamphumi. Kusakaniza opulumuka ndi amayi ena a m'mudzi momwemo, popanda kunena kuti uyu ndi uti, kumateteza onse, komanso kumazimitsa nsanje ya amene amafunsa, ndipo amafunsa zoona, kuti kodi munthu azichita kukagulitsidwa kaye kuti athandizidwe?

Pulojekitiyo payokha ingathenso kufanana ndi chimene mayiyo anathawa, eni ake osazindikira. Zipangizo n'za bungwe, mtengo waika ndi bungwe, iye sadziwa kuti mkanda wake wakagulitsidwa zingati, ndipo akafunsa za ndalama amauzidwa kuti "tikukusungirani, mayi". Mawu amenewo anawamvapo kale kwa bwana amene anamulanda pasipoti. Malipiro ayenera kubwera pa nthawi yodziwika, masamu ake ali poyera, ndipo apite ku nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba yolembetsedwa m'dzina lake. Zimenezi zimafuna chitupa cha unzika, chimene ambiri obwerera amakhala atataya kapena kulandidwa, moti ulendo wa ku NRB, ofesi yopereka zitupazi, uyenera kubwera phunziro loyamba la mikanda lisanayambe. Ndalama ikadzera mu foni ya bambo a kunyumba kapena ya atsibweni, sitingadabwe ikathera kwina. Banki nkhonde imathandiza kusunga, koma kumulowetsa mayi wangongole kale kuti ayambe n'kukongola ndi chiwongoladzanja ndi kumuwonjezera katundu. Ndi bwino ayambe waponya masheya kwa kanthawi.

Ku Uganda anayenda kale njira imeneyi. Bungwe la BeadforLife linayamba mu 2004 ndi amayi osauka a mu Kampala, ambiri mwa iwo othawa nkhondo ya zigawenga za LRA kumpoto kwa dzikolo, amene ankakulunga mikanda ya pepala n'kumagulitsidwa ku America. Mayi sankayenera kukhala wotunga mikanda moyo wake wonse: ankakhala m'gululo kwa nthawi yoikika, akusunga ndalama ndi kuphunzira geni, kenako n'kutuluka kukayamba bizinesi yake yodalira ogula a kwawo, ena abwere. M'kupita kwa nthawi bungwelo linaika mphamvu zake pa maphunziro a geniwo, amene anadzatchedwa Street Business School. Anthu amene anali ndi msika wa ku America m'manja ndiwo anafika poona kuti mikanda ndi yopezera mpamba, ndipo chokhalitsa ndi kudziwa kuwerenga phindu, kuoda, kukana ngongole ndi kusintha malonda nyengo ikasintha. Mayi amene waphunzira zimenezi pa mikanda akadzasamukira ku tomato kapena kaunjika, pulojekiti siinalephere.

Mikanda siingalowe m'malo mwa zina zofunika kuyamba: ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit, chipatala, ndi manambala aulere a 116 okhudza ana ndi 5600 okhudza nkhanza. Munthu amene sakugona tulo, kapena amene mlandu wake uli kukhoti akuopsezedwa, sangawerenge itatu, isanu, itatu.

Kalendala nayo ili ndi mawu. Nthawi yabwino yophunzitsa ndi pamene zokolola zalowa ndipo ntchito ya tiyi yachepa, kuti katundu akhale atakonzeka maukwati akamachuluka, Mulhako ukamayandikira, mpaka Khirisimasi. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, chimanga chatha m'nyumba, mtengo wake wakwera, fizi ikufunika, palibe amene amagula ndolo pa Chitakale kapena pa Luchenza. Ndi miyezi imene wakatapila amagogoda kwambiri, ndipo uthenga wa ntchito ya kutali umamveka kukoma. Gulu limene lasunga kangachepe kuchokera pa malonda a Okutobala mpaka Disembala, kapena lili ndi geni yachiwiri ya zakudya, limadutsa miyeziyi anthu ake ali pakhomo. Mapulojekiti ambiri amakhala atatseka mabuku mu Disembala, ndipo mwezi wa Febuluwale sulowa mu lipoti.